Matabwa a cherry atuluka otuwa ndi amawanga: kodi andigulitsa mtengo wina?

Kalata iyi yachokera ku South Bend, m'chigawo cha Indiana ku America. Mwini wake akuti: "Ukalipentala ndinaphunzira kwathu ku Ntcheu, ndipo ndisanabwere kuno ndinkapanga mabedi ndi makabati a mlombwa ndi paini. Patha zaka 7 ndisanagwire puleni. Chaka chino ndinati ndipangire banja langa tebulo lodyera. Kunyumba kwa mnzanga wa kuntchito ndinaona tebulo la cherry lofiira modera ngati mbawa yakale, ndiye ndinakagula matabwa a mtengo womwewo. Koma nditawapala atuluka otuwa, ena m'mbali ndi oyera mbee, ndipo ali ndi timizere takuda ngati munalowa dothi. Pocheka, m'mphepete mukupserera. Thabwa limodzi ndinalipaka stain yofiira, lachita mawanga ngati mutu wa zipere. Ndalama zapita zambiri. Kodi andipusitsa? Komanso likatheka ili ndikufuna kupanga lina laling'ono nditumizire mayi kumudzi. Lingakapirire?"

Achimwene, mtima m'malo, palibe wakuberani. Kutuwako, timizere takudato, kupserera pocheka ndi mawangawo, zonsezi ndi khalidwe la cherry weniweni. Matabwawo akanatuluka m'puleni ali ofiira psuu tsiku lomwelo, pamenepo ndiye ndikanati bwererani nawo kumene munagula.

Inenso manja anga anakulira pa mlombwa ndi mbawa. Nditayamba ntchito pa shopu ina yopanga makabati a m'khitchini ku Pennsylvania, ndinaona matabwa otuwa akutuluka m'makina pamene pepala la oda likunena cherry, ndipo ndinathamangira kwa kapitawo kukamuuza kuti tatenga mulu wolakwika. Mkuluyo sanataye mawu. Anatola kachidutswa pansi, nakulunga theka lake ndi tepi yakuda, n'kukakhazika pawindo. Patatha sabata anandiitana kuti ndimatule ndekha. Mbali yobisika inali monga tinaisiyira, koma yoonekera inali itayamba kale kufiira ngati tiyi wopanda mkaka. Inunso yesani lero lomwe. Mitengo yotuwa imene ena amaipaka utoto n'kuitcha cherry, monga birch ndi maple, ikakhala padzuwa imangochita chikasu pang'ono, siifiira chotero.

Cherry wanuyu, amene amatchedwanso black cherry, akatswiri amamutcha Prunus serotina, ndipo popeza ndinu a ku Ntcheu m'bale wake mumamudziwa bwino: pichesi. Onse ndi a fuko limodzi. Kusiyana kwake n'koti cherry amatalika, mamita 20 mpaka 30 m'nkhalango yabwino, ndipo zipatso zake ndi ting'onoting'ono takuda towawira, tokondedwa ndi mbalame kuposa anthu. Amamera mbali yonse ya kum'mawa kwa America, ngakhale ku Indiana kwanuko aliko, kutsika mpaka Mexico ndi Guatemala. Koma matabwa otchuka amachokera ku mapiri a Allegheny, kumpoto chakumadzulo kwa Pennsylvania ndi mbali zina za New York ndi West Virginia, mwakuti tauni ya Kane imadzitcha likulu la black cherry pa dziko lonse. Nkhalango imeneyo inabadwa chifukwa cha kuwononga. Kale kunali mitengo ya hemlock ndi beech, ndipo pakati pa 1890 ndi 1930 makampani anagwetsa pafupifupi yonse. Cherry sagwirizana ndi mthunzi, ndiye malo atayera anamera mothinana, kupikisana kuthamangira dzuwa, natuluka wowongoka wopanda nthambi m'munsi. Pamene boma linkakhazikitsa Allegheny National Forest mu 1923, anthu ankangopaona ngati tchire lopanda ntchito.

Kufiira kumene munasirira kwa mnzanu sikuchokera m'chitini. Ndi ntchito ya kuwala ndi mpweya pa mtima wa mtengowo, mbali ya m'kati ija. Kusintha kwakukulu kumachitika m'miyezi 6 yoyambirira mpaka chaka, kenako kumapitirira pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mufunseni mnzanuyo kuti tebulo lake lakhala nthawi yaitali bwanji. Mwina mudzapeza kuti analandira kwa agogo ake. Mwinanso mudzapeza kuti si cherry n'komwe, chifukwa m'masitolo mawu oti "cherry finish" amangonena utoto, osati mtengo. Palinso "Brazilian cherry", amene ndi jatoba, ndi "African cherry", amene ndi makore, ndipo onse awiri alibe ubale ndi mtengo wanuwu.

Kusinthaku kuli ndi msampha wake, ndipo umagwira kwambiri ife. Mukudziwa tinsalu toluka tija timakonda kuyala pakati pa tebulo n'kukhazikapo maluwa. Pa cherry watsopano, kansalu kakakhala malo amodzi mwezi wathunthu, mukakachotsa mupeza chithunzi chake chitatsala, maluko onse akuoneka. Si kuonongeka, malowo amadzafanana ndi anzake akalandira kuwala, koma zimatenga nthawi ndipo m'nyumba mumayamba mwakhala mlandu. Miyezi 6 yoyamba tebulo lizikhala lopanda kanthu mukatha kudya. Ngati mukufuna kufulumizitsa, mukatha kupala ndi sandipepa koma musanapake kanthu, liikeni pafupi ndi windo lalikulu masiku angapo, muzilitembenuza. Panja padzuwa lowala limafiira msanga koposa, koma ola limodzi kapena awiri mbali iliyonse basi, chifukwa thabwa lotenthedwa mbali imodzi limapindika ngati bwato.

Kuyera kwa m'mbali kuja ndi nkhani ina. Imeneyo ndi mbali ya kunja ya mtengo, ya pafupi ndi khungwa, yonga ija mumaidziwa pa mlombwa. Siifiira ngati mtima, ndiye tebulo likamakula kusiyana kumawonjezeka. Lero mukuona pang'ono, chaka chamawa mudzaona mzere woyera pakati pa zofiira. Pamenepa muyenera kusankha musanamate. Mukhoza kuicheka n'kuitaya, mukhoza kutembenuza thabwa kuti yoyerayo ipite kunsi kapena m'kati mwa felemu, kapena mukhoza kuisiya dala. Ine ndimaikonda ikakhala m'mphepete mwa kunja, mbali zonse ziwiri mofanana, koma ikagwera pamalumikiziro a pakati imaoneka ngati mmisiri anali ndi tulo.

Wogulitsa sanakulakwireni pamenepanso. Malamulo osankhira matabwa a bungwe la National Hardwood Lumber Association sawerengera mbali yoyerayi ngati chilema pa cherry, ngakhale pa gulu lapamwamba la FAS. Ulendo wina nenani kuti mukufuna a "90/50", kutanthauza kuti nkhope imodzi ikhale mtima magawo 90 pa 100, inayo magawo 50. Amakwererapo mtengo koma simutaya zambiri. Ndipo pa ntchito ya zidutswa zifupizifupi, monga miyendo ndi madirowa, gulu la No. 1 Common limakwanira pa ndalama yochepa.

Timizere takuda si dothi. Kumbukirani mtengo wa pichesi ukatemedwa ndi chikwanje, momwe umatulutsira utomoni wonata pa bala. Cherry amachitanso chimodzimodzi tizilombo tikamaboola kunsi kwa khungwa kapena akavulala, ndipo mtengo ukamakula utomoniwo umatsekeredwa m'kati. Sufooketsa thabwa. Anthu odziwa amayang'ana timizere timeneti kuti atsimikize kuti mtengowo ndi weniweni. Pakakhala kabowo kotseguka, kapaleni ndi nsonga ya tchizulo, muthiremo guluu wakuda wa epoxy, kenako mupale. Chimene chiyenera kukudetsani nkhawa ndi timabowo tozungulira ngati ta singano totulutsa fumbi longa ufa. Amenewo ndi afumbwe amoyo, ndipo matabwa otero musawalowetse m'nyumba. Abwezeni, kapena funsani a macheka amene ali ndi uvuni woumitsira matabwa kuti awatenthenso.

Utomoni womwewo ndi umene ukupsereza m'mphepete. Cherry sakhululukira sowo wobuntha kapena wakuda ndi utomoni, ndipo mukangoima pang'ono pakati pa kucheka kuti musinthe dzanja, pomwepo patsala chipsera. Tsukani mano a sowo, ndipo pocheka motsata utali wa thabwa gwiritsani wa mano ochepa, ngati 24, osati wa mano 60 kapena 80 wodulira mopingasa. Kankhani mosalekeza. Onaninso ngati fence, chitsulo chowongolera thabwa pa makina ochekera, ili yofanana ndi sowo kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa ikapanikiza kumbuyo thabwa limapsa, ndipo choopsa kwambiri n'choti likhoza kukubwererani m'mimba. Ngati mwayesa kuwongola koma likupitirira kupanikiza, imitsani makinawo aonedwe ndi munthu wodziwa. Chizolowezi changa ndi kucheka mosiya milimita imodzi, n'kudzaichotsa ndi puleni. Pa router, makina ozokotera m'mphepete mwa thabwa, chepetsani liwiro, mudye pang'onopang'ono maulendo atatu, womaliza ukhale wongonyambita. Chipsera chikakhalapo kale musalimbane nacho ndi sandipepa, mudzakumba chigwa. Kachitsulo kopalira kaja, card scraper, kamachichotsa msanga.

Kupatula zimenezi, mudzasangalala naye. Pa puleni ya manja cherry amatuluka wosalala ngati wapakidwa kale kanthu, tchizulo imalowa bwino, guluu amagwira. Ma screw okha boolerani kaye, makamaka kumapeto kwa thabwa. Ndipo chitsulo cha clamp chisakhudze guluu wonyowa pa thabwa, pamatsala banga lakuda lolowa m'kati. Ikani kapepala ka pulasitiki pakati.

Tsopano mawanga aja, amene ndikuganiza kuti ndiwo akupwetekani mtima kwambiri. Mitsempha ya cherry siyenda mowongoka monga imaonekera ndi maso. Imakwera ndi kutsika ngati mafunde, ndipo pamene yatulukira pamwamba, thabwa limamwa kwambiri ngati kumapeto kodulidwa. Stain yamadzimadzi, utoto wolowa m'thabwa uja, ikafika pamenepo imalowa yambiri, pambali pake imalowa yochepa, zotsatira zake ndi zipere mwanenazo. Paini amachitanso zomwezi, mwina munazionapo kale. Mukafuna kudziwiratu pamene padzavute, pukutani thabwa ndi nsalu yoviikidwa mu mineral spirits, mankhwala osungunulira penti. Malo amene ade kwambiri ndi omwewo.

Langizo langa, ndipo pano sindizungulira: cherry musamupake stain. Mwalipira ndalama zambiri chifukwa cha mtundu umene ukubwera wokha, ndiye kuukwirira ndi utoto n'chimodzimodzi kugula chambo n'kuchimiza mu tsabola. Komanso mtengo umapitirira kuda kunsi kwa stain, mwakuti pakatha zaka ziwiri tebulo limaoneka lakuda bii, mizere yake yosaonekanso. Thabwa mwapaka kale lija silinatayike. Popeza ndi thabwa lathunthu, osati veneer (kachikopa kopyapyala ka mtengo komata pamwamba), lidutsitseni m'puleni kamodzi kapena kawiri ndipo utoto wambiri uchoka. Likakana, likhale la kunsi.

Pa tebulo lodyera ine ndimatere. Sandipepa mpaka 180, mwina 220, osadumpha nambala, ndipo womaliza ndi wa manja motsata mizere. Kenako shellac, mtundu wa vanishi wouma msanga, wopanda wax, wosungunula kwambiri, kamodzi kokha. Ameneyu amatseka malo aludzu aja pang'ono ndipo amapatsa thabwa kufunda. Akauma ndimapalapo mopepuka, n'kupaka polyurethane wa mafuta, wopukuta ndi nsalu, maulendo anayi kapena asanu opyapyala. Tebulo la banja limakumana ndi mbale yotentha ya nsima, msuzi ndi makapu onyowa, ndiye mafuta okha, a linseed kapena a tung, ngakhale amakongoletsa kwambiri, satchinjiriza mokwanira. Vanishi wa madzi ndi wolimba ndipo sanunkha, koma payekha amasiya cherry ali wozizira, wotumbululuka. Mukamusankha, shellac ayambe pansi. Ngati mayi a kunyumba akanitsitsa kuti sangadikire chaka, njira yapakati ndi gel stain pamwamba pa shellac uja, chifukwa ndi yolimba ngati phala, imakhala pamwamba osalowa. Chilichonse yesani kaye pa chidutswa chotsala, mpaka kumapeto, musanakhudze tebulo.

Mudzamva ena akunena za caustic soda, kuti amafiiritsa cherry nthawi yomweyo. N'zoona, amafiiritsadi. Amawotchanso khungu ndipo dontho limodzi m'diso likhoza kukuchititsani khungu. Pa tebulo lanu loyamba musiyeni. China chimene anthu amachipeputsa ndi nsalu zopakira mafuta. Nsalu ya linseed ikaunjikidwa m'bini imatentha yokha mpaka kuyaka, popanda machesi. Ziyanikeni panja imodziimodzi mpaka ziume gwa, kapena zimizeni m'chitini cha madzi.

Pali chinthu chimene simunafunse koma ndicho chingakuphereni tebulo. Mlombwa unatilera molakwika. Ndi umodzi mwa mitengo yosasuntha kwambiri pa dziko, ndiye kwathu timakhoma pamwamba pa tebulo ndi ma screw kapena misomali molimba, zaka n'kumapita popanda vuto. Cherry ndi wodekha pomuyerekeza ndi oak kapena maple, koma amapuma ndithu, ndipo nyumba za kuno zimauma kwambiri m'nyengo yozizira chifukwa cha heater, n'kudzanyowa m'nyengo yotentha. Pamwamba pa tebulo potambalala masentimita 90, chinyezi cha m'thabwa chikasintha ndi magawo 4 pa 100, pakhoza kufutukuka kapena kubwerera pafupifupi mamilimita 9. M'litali simusintha kanthu, kusuntha konse ndi kwa m'mimba mwake. Ine tebulo langa loyamba ndinalipanga mu August, ndinalikhoma mwachikwathu. Usiku wina mu January tinamva kuti phaa pabalaza, m'mawa tinapeza mng'alu woti khobidi n'kulowa.

Choncho pamwamba muzimangirira ndi tizitsulo ta Z kapena ta figure 8, kapena timitengo tolowa m'kamsewu kozokota m'kati mwa felemu, kuti pagwire koma pazitha kutsetsereka. Vanishi pakani kunsi ndi pamwamba mofanana. Matabwa ouma bwino a ntchito ya m'nyumba kuno amakhala ndi chinyezi cha magawo 6 mpaka 8 pa 100, ndipo kamakina koyezera n'kotchipa kuyerekeza ndi thabwa limodzi. Ngati akhala m'galaja yozizira, alowetseni m'nyumba sabata ziwiri, mutaika timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa. Mukamata n'kupeza kuti pamwamba sipanafanane, musadzizunze ndi kamakina ka m'manja. Mashopu ambiri a makabati ali ndi makina aakulu a sandipepa ndipo amakuchitirani pa ndalama yochepa.

Za kulimba, musayembekeze zambiri. Pa muyeso wa Janka cherry ali pa 950, red oak pa 1,290, hard maple pa 1,450. Kulemera kwake ndi makilogalamu pafupifupi 560 pa cubic metre akauma. Mwana akamalemba homuweki pa pepala limodzi ndi bolopeni, mawu ake mudzawawerenga patebulo. Ndi mtengo wa mipando, makabati, zitseko za m'kati, mafelemu, zosema ndi zozungulitsa pa lathe. A Shaker, gulu lina la chipembedzo kuno ku America, ankamukonda pa mipando yawo yosakongoletsa, ndipo osindikiza mabuku akale ankakhomerapo mapuleti awo chifukwa sapindikapindika. Pansi poyenda ndi nsapato amakandika msanga, ndipo panja pa mvula sindingamuike. Thabwa likabonyoka musanapake kanthu, ikanipo nsalu yonyowa ndi kusita ndi ayironi, limadzuka.

Zidutswa zotsala musataye. Zimatuluka mithiko ndi zipande zabwino kwambiri, ndipo tizidutswa topanda guluu kapena vanishi timanunkhiritsa nyama yowotcha. Thabwalo lilibe vuto pa chakudya. Poizoni ali m'masamba ndi m'njere, makamaka masamba ofota a nthambi yothyoka, amene amatulutsa cyanide ndipo amapha ng'ombe, mbuzi ndi akavalo. Fumbi la sandipepa ndilo muzilipewa. Valani chotchinga mphuno chenicheni, osati kansalu, ndipo mukaona chifuwa chikubanika, maso akuyabwa kapena khungu likutuluka nsungu nthawi iliyonse mukagwira ntchito, imani mukaonane ndi dokotala ndipo mumuuze mtengo umene mukugwiritsa ntchito.

Za mayi kumudzi, ndikuuzani monga m'bale. Tebulo la cherry likhoza kukhala ku Ntcheu ngati mwalimanga momwe ndafotokozera, podziwa kuti m'dzinja likafufuma kuposa kuno, ndiye madirowa muwasiyire mpata. Koma chiswe sindingachikhulupirire nalo. Mtima wa cherry umapirira kuola, koma chiswe cha kwathu ndi nkhani ina, ndipo mbali yoyera ija ndiye ndiwo zake. Mukawerengera malo a m'kontena ndi msonkho, ndalama yomweyo ingagule tebulo la mlombwa wokhwima kwa mmisiri wa pa boma, iyenso n'kudyapo. Chochokera m'manja mwanu chikhale chaching'ono cholowa m'sutukesi, thireyi ya tiyi kapena kabokosi kosungiramo Baibulo ndi buku la nyimbo, ka mtima wokhawokha, kokakhala pa shelefu osati pansi. Ndipo mukakapereka kadakali kotuwa, muwauziretu mayi kuti kadzafiira kokha, chifukwa mukangotembenuka adzakapaka polishi wofiira wa pansi uja.